Banki ya chitukuko: kodi mbewu yobwereka imera m'nthaka yathu?

Tsiku lina madzulo, pologalamu ya alimi ili mkati pa wailesi, anatiimbira lamya bambo ena achikulire a mbali ya ku Tsangano, mlimi wa kachewere ndi tirigu. Iwowa anali atamva kuti pa 15 Januwale 2025, tsiku lolumbira, Pulezidenti Daniel Chapo ananena kuti boma lidzakhazikitsa banki ya chitukuko. Mafunso awo anali awiri. Loyamba, kodi imeneyi ndi BPD ija yadzukanso? Lachiwiri, kodi munthu wonga iwo, wopanda galimoto kapena nyumba ya m'tauni yoti nkupereka chikole, angathe kukakongolako ndalama zogulira pampu yothirira dimba? Ine ndinachita kakasi, ndipo ndinangowalonjeza kuti ndikafufuza. Safunsa anadya phula. Zimene ndinapeza ndazilemba pano kuti ndi amene alibe wailesi amve nawo.

KODI BANKI YA CHITUKUKO NCHIYANI?

Mabanki amene timawaona pa Ulónguè kapena ku Tete ndi amalonda. Amasunga ndalama za anthu amene angathe kudzazitenga mawa lomwe, choncho nawo amaopa kukongoza kwa nthawi yaitali. Amafuna ngongole ibwerere msanga, ndiponso ndi chiwongoladzanja chokwera. Mu 2023 chiwongoladzanja cha mabanki athu chinapitirira 20 pa 100 alionse. Tangoganizani, abale anga: mwakongola 100,000 meticais kuti mubzale mitengo ya mapichesi, chaka chikutha banki ikufuna 20,000 yapamwamba pomwe mitengoyo siinayambe ndi maluwa omwe.

Banki ya chitukuko inapangidwira ntchito zimene phindu lake limachedwa, monga damu, mlatho, magetsi, chigayo chachikulu, nyumba yoziziritsira kachewere kuti asaole, kapena fakitale. Kawirikawiri mwini wake amakhala boma. Imakongoza kwa zaka khumi kapena kuposerapo, pa chiwongoladzanja chotsikirapo, ndipo imatha kudikira kuti ntchitoyo iyambe kubala isanayambe kulonjerera. Komabe ndi banki ndithu, si bungwe lopereka mphatso. Ndalama zikapanda kubwerera, imafa monga imafera golosale yokongoza aliyense.

PALIBE AMENE ANAYAMBA YEKHA

Mayiko ambiri osauka sanachite kulota okha za mabanki otere. Anaonera kwa ena. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, Germany inali bwinja lokhalokha, ndipo mu 1948 kunakhazikitsidwa banki yotchedwa KfW mumzinda wa Frankfurt kuti izikongoza ndalama za thandizo zochokera ku America pomanganso dzikolo. Japan inatsegula yake mu 1951, Brazil mu 1952, South Korea mu 1954. Mayiko amenewa atayamba kutukuka, anzawo anati chinsinsi chagona pa banki, tiyeni nafe tikhale nayo yathu. China nayo, pokhazikitsa China Development Bank mu 1994, inaphunzirako kwa Japan.

Kuonera kumeneku kumadzera njira zitatu. Yoyamba ndi ya mwini ndalama. Amene wakupatsa ndalama zoyambira amabwera ndi mapulani ake ndi akatswiri ake. Banki ya Dziko Lonse, ija timaitcha Banco Mundial, inathandiza kukhazikitsa ICICI ku India mu 1955, ndipo m'zaka zotsatira inachita zofananazo m'mayiko ambiri a mu Africa ndi Asia. Yachiwiri ndi ya kusirira, pamene nduna zipita kukacheza ku dziko limene zinthu zikuyenda, nkubwerako ndi lamulo la kumeneko m'chikwama. Yachitatu ndi ya chibale: dziko limatengera kwa amene limamvana naye chilankhulo kapena ndale.

Chinanso choti tidziwe nchakuti maganizo a akatswiriwa amasinthasintha ngati mphepo. M'zaka za m'ma 1950 mpaka 1970 ankati dziko lililonse likhale ndi banki ya chitukuko. M'zaka za m'ma 1980 ndi 1990, ataona kuti ambiri mwa mabankiwa amira m'ngongole zosabwezedwa, anati tsekani kapena gulitsani. Mavuto a zachuma a 2008 atagwa, anayambanso kuwayamikira. India inasandutsa ICICI kukhala banki yamalonda mu 2002, koma mu 2021 inakhazikitsanso banki ina yatsopano ya boma yolipirira misewu, njanji ndi magetsi.

IFE TABWEREKA KATATU

Dziko lathu la Mozambique lalawa zonsezi. Kubwereka koyamba kunali mu 1977, chaka chimene Frelimo pa msonkhano wake waukulu wachitatu inasankha njira ya sosholizimu. Chaka chomwecho kunabadwa Banco Popular de Desenvolvimento, BPD, pa maziko a mabungwe a ngongole amene Apwitikizi anasiya. Kayendetsedwe kake kanatengera mayiko a sosholizimu, kumene banki inkapereka ndalama potsata pulani ya boma, osati poyesa ngati wokongolayo angathe kubweza. Ndalama zambiri za ulimi zinkapita ku minda ikuluikulu ya boma, ya mtundu wa CAIA ija akuluakulu a kuno ku Angónia akuikumbukira, ndi ku makopaletivi. Mlimi wa khasu ankapeza zochepa. Mindayo itayamba kuluza, nkhondo nayo itakula, ngongole zinangounjikana ndipo mtolo unagwera boma. Komabe tisaiwale chabwino chake: BPD ndiyo inali ndi nthambi zambiri m'maboma a kumidzi, ndipo anthu wamba ambiri anayambira kumeneko kusunga ndalama m'kabuku.

Kubwereka kwachiwiri kunadza ndi pologalamu yokonzanso chuma ya PRE, imene inayamba mu 1987 mogwirizana ndi Banco Mundial ndi FMI. Uphungu wa nthawi imeneyo unali wakuti boma lichoke m'mabanki. Mu 1996 BCM inagulitsidwa, ndipo mu 1997 magawo 60 pa 100 a BPD anagulitsidwa kwa gulu la Southern Bank Berhad ya ku Malaysia pamodzi ndi amalonda a konkuno. Dzina linasintha kukhala Banco Austral. Pasanathe zaka zinayi, bankiyo inali itadzaza ngongole zosabwezedwa, zambiri mwa izo za anthu otchuka, ndipo mu Epulo 2001 eni ake atsopanowo anaisiya m'manja mwa boma.

Banco de Moçambique inatuma mkulu wake woyang'anira mabanki, António Siba-Siba Macuácua, kuti akakonze zinthu. Iyeyu anasindikiza mu nyuzipepala ya Notícias mayina oposa 1,000 a anthu ndi makampani amene anali ndi ngongole, nayamba kulonjerera. Pa 11 Ogasiti 2001 anaphedwa ku likulu la bankiyo ku Maputo. Miyezi isanu ndi inayi m'mbuyo mwake, pa 22 Novembala 2000, anali ataphedwanso mtolankhani Carlos Cardoso, amene ankafufuza za kubedwa kwa ndalama ku BCM. Dzenje limene mabanki awiriwa anasiya linakwiriridwa ndi ndalama za boma, ndiye kuti za inu ndi ine. Banco Austral inagulidwa ndi Absa ya ku South Africa, inakhalako Barclays, ndipo lero ikudziwika ndi dzina la Absa. Umu ndi mmene BPD inathera.

Kubwereka kwachitatu kunali mu 2010, pamene boma lathu ndi Caixa Geral de Depósitos ya ku Portugal anakhazikitsa Banco Nacional de Investimento, BNI, aliyense ndi magawo ofanana. Mu 2012, Portugal ili pa mavuto a zachuma, boma lathu linagula magawo a anzawowo ndipo BNI inakhala ya Mozambique yokha. Likulu lake lili ku Maputo, ndipo inapangidwira makamaka ntchito zikuluzikulu ndi makampani, kotero kuti mlimi wa ku Domwe kapena ku Furancungo sakumana nayo pa msika.

Pambali pa mabankiwa panalinso ndalama zija za sete milhões, zimene boma la Pulezidenti Armando Guebuza linayamba kutumiza ku boma lililonse laling'ono mu 2006. Imeneyi inalibe dzina la banki koma ntchito yake inali yofanana. Ena anagula nazo zigayo, ng'ombe ndi mashini osokera ndipo anapindula. Koma zobwezedwa zinali zochepa kwambiri, chifukwa ambiri anazitenga ngati mphatso, ndipo osankha okongola sanali anthu ophunzira ntchito ya ngongole.

ZA KUTSIDYA KWA MALIRE

Ambiri a ife tinakhalako ku Dedza ndi ku Ntcheu pothawa nkhondo mpaka mtendere wa pa 4 Okutobala 1992 utabwera, ndipo makolo anga amasimba za makalabu a alimi a kumeneko. Bungwe la boma la SACA linkakongoza feteleza ndi mbewu kudzera m'makalabuwo, ndipo kwa zaka zingapo ndalama zoposa 90 pa 100 zinkabwezedwa, chifukwa mmodzi akalephera kalabu yonse inkamanidwa chaka chotsatira. Kenaka kunagwa chilala cha 1992, kunabwera riferendamu ya 1993 ndi chisankho cha 1994. M'nyengo ya kampeni mbiri inawanda yakuti ngongole za boma nzosabweza. Kubweza kunatsika osafika ndi theka lomwe, SACA inagwa, ndipo mu 1994 m'malo mwake munalowa Malawi Rural Finance Company. Chilala chinaipunzitsa, koma chimene chinaimaliza ndi ndale.

Ku Zambia nako, Development Bank of Zambia inakhazikitsidwa mu 1972. Inakhala zaka makumi asanu, koma ngongole zosabwezedwa zinaidya pang'onopang'ono, mpaka mu Julayi 2023 banki yaikulu ya dzikolo inailanda kuti iiyendetse yokha. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

CHIMENE SICHILOWA M'CHIKWAMA

Nanga bwanji mbewu yomweyo inabereka ku Germany ndi ku Korea koma kwina nkufota? Alimi a kachewere mukudziwa kuti mbewu ya ku Tsangano, kozizira, mukaitsitsira ku Mutarara siichita kanthu ngakhale ikhale yabwino chotani. Dzina la banki, lamulo lake ndi maudindo a mabwana ake zimalowa m'chikwama cha nduna mosavuta. Pali zinthu zinayi zimene zimatsala kwa eni ake.

Choyamba ndi kasupe wa ndalama. Ajeremani sanagawe ndalama za ku America zija ngati mphatso. Anazikongoza, zikabwerera nkuzikongozanso, ndipo thumba limenelo likugwirabe ntchito mpaka lero. KfW imakongolanso ndalama pa mtengo wotsika chifukwa boma la Germany, limene aliyense amalikhulupirira, ndilo limaiimira. Ku Brazil, malamulo aakulu a dziko a 1988 analamula kuti magawo 40 pa 100 a msonkho wina umene makampani amapereka pothandiza antchito azipita ku banki yawo ya BNDES. Mu 2019 anatsitsa kufika pa 28, koma kasupeyo sanaphwe. Dziko limene latengera dzina lokha popanda kasupe wotere limangodalira bajeti ya boma kapena ngongole za madola. Metical ikagwa, monga inachitira mu 2016, ngongole ya madola imatupa pomwe wokongola wa kuno akubweza mu meticais.

Chachiwiri ndi mwambo wobweza. Ku South Korea, m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, boma linkapereka ngongole zotsika mtengo kwa makampani, koma linkawaikira muyeso wa katundu woti agulitse kunja. Wolephera ankamanidwa ngongole ina. Kumene wokongola ndi m'bale wa bwana, kapena bwana mwini wake, palibe kalaliki amene angalimbe mtima kukagogoda pa chitseko chake. Nkhani ya Banco Austral ikutiphunzitsa kuti matendawa sasankha kuti banki ndi ya boma kapena ya anthu wamba.

Chachitatu ndi njira yofikira kwa anthu. KfW ilibe nthambi m'midzi. Munthu wa ku Germany amapita ku banki ya kwawo imene ikumudziwa, imeneyo ndiyo imamuyesa nkukatenga ndalama ku KfW. Njira imeneyi ndiyo yatengedwa ndi mabanki atsopano a mu Africa, monga Development Bank of Nigeria imene inayamba ntchito mu 2017 ndi Development Bank Ghana imene inatsegulidwa mu 2022, onse awiri mothandizidwa ndi KfW, Banco Mundial ndi ena. Ubwino wake ngwakuti wandale sangalembe kalata yolamula kuti uje apatsidwe ndalama. Koma njirayi imafuna kuti mabanki ang'onoang'ono akhale ponseponse. Kuno kwathu, pofika 2016 maboma ambiri analibe ndi nthambi imodzi yomwe, nchifukwa chake chaka chimenecho boma linayambitsa pologalamu ya Um Distrito, Um Banco. Ndipo nthambi kukhalapo sindiye kuti ikongoza mlimi.

Chachinayi ndi chikole, ndipo apa ndi pamene pagona funso la bambo a ku Tsangano aja. Mlimi wa ku Germany kapena ku Brazil angathe kupereka munda wake ngati chikole. Kuno malamulo aakulu a dziko ndi lamulo la malo la 1997 akunena kuti nthaka ndi ya boma, siigulitsidwa ndipo siiperekedwa chikole. Chimene tili nacho ndi DUAT, ufulu wogwiritsa ntchito malowo. Lamuloli limatiteteza kuti tisalandidwe minda chifukwa cha ngongole, ndipo nlabwino. Koma likutanthauzanso kuti banki yotengera chikole cha mayiko ena ikafika kuno idzapeza kuti mlimi alibe chopereka, ndipo ndalama zidzathera kwa a nyumba za m'tauni.

Tiwonjezepo chenjezo limodzi. Banki ya chitukuko ya dziko lina ikatikongoza, imayamba yaganiza za kwawo. Ndalama za BNDES zinathandiza kumanga bwalo la ndege la Nacala, limene linatsegulidwa mu 2014. Yomanga inali kampani ya ku Brazil, okwera ndege pa bwalolo anakhala ochepa, ndipo ngongole inatsalira ife.

KUMENE ANAKONZA MBEWU KUTI IGWIRIZANE NDI NTHAKA

Sikuti zonse nzokhumudwitsa ayi. Ku Indonesia, banki ya boma ya BRI inatsegula timaofesi toposa 3,000 m'midzi m'zaka za m'ma 1970 kuti izikongoza alimi a mpunga pa chiwongoladzanja chotsika kwambiri. Zinayenda monga za BPD: ambiri sanabweze ndipo timaofesito tinkangoluza. Mu 1984 boma silinatseke koma linasintha kayendetsedwe. Kaofesi kalikonse kanayamba kuwerengetsa phindu lake pakokha. Ngongole inatsegulidwa kwa aliyense wa ntchito yopindulitsa, kaya ndi mlimi, wa geni kapena mmisiri. Wobweza pa nthawi yake ankabwezeredwako gawo la chiwongoladzanja, ndipo ulendo wotsatira ankaloledwa kukongola zochulukirapo. Chachikulu koposa, anakonza kabuku kosungira ndalama koti munthu nkutapa tsiku lililonse. Patangopita zaka zochepa timaofesito tinayamba kupindula, ndipo ndalama zimene anthu a kumidzi ankasungitsa zinaposa zimene ankakongola.

Nafenso tili ndi zathu zoti nkumangapo. Amayi a xitique, chija anzathu a ku Malawi amati chipereganyu, sasowa chikole chifukwa amadziwana. Magulu osunga ndi kukongozana ndalama m'midzi amabweza bwino popeza ndalamazo ndi zawo zomwe. Alimi a fodya a ku Angónia, Macanga ndi Chifunde amalandira feteleza ndi mbewu pa ngongole kuchokera ku kampani, ndipo imadula pogula fodyayo. Chikole chake ndi msika wodziwika. M-Pesa ndi e-Mola zafika kumene nthambi ya banki siinafikeko. Banki ya chitukuko yofuna kufika kwa mlimi wa kachewere iyenera kuphunzira kwa amenewa monga momwe ikuphunzirira ku Frankfurt ndi ku Rio de Janeiro.

TIFUNSE CHIYANI?

Tsono kwa bambo a ku Tsangano, ndi kwa inu nonse owerenga, yankho nali. BPD ija inapita, siidzabweranso. Ngati banki yatsopano idzafike pa dimba lanu kapena ayi, zidzaoneka m'malamulo ake ndi mwa anthu oiyendetsa, osati pa chikwangwani. Akabwera akuluakulu kudzachititsa msonkhano pa boma kapena kwa amfumu, musangoomba m'manja. Afunseni kuti ndalama zake zizichokera kuti chaka ndi chaka, ndipo ndi za meticais kapena za madola. Afunseni amene adzasankhe oiyendetsa, ndiponso ngati nduna kapena mkulu wa chipani angathe kulamula kuti wakutiwakuti akongozedwe. Afunseni ngati mayina a okongola ndalama zambiri azidzalengezedwa poyera chaka chilichonse. Afunseni kuti munthu wa ku Zóbuè kapena ku Calómuè adzapita pa khomo liti, ndi chikole chanji chimene adzalandire kwa mlimi wa DUAT, wa ng'ombe zinayi ndi kalabu yake. Afunseninso chimene chidzachitike chaka cha chilala, chifukwa chilala chidzabwera ndithu, ndipo pangano lake liyenera kulembedwa mvula isanakane. Nkhanga zinapangana kusanapse.

Koma nafenso tidzifunse. Ndi angati mwa ife amene anatenga za sete milhões nkubweza? Ndalama imene sinabwerere ija ndiyo ikanagulira pampu mnzathu wa mudzi wotsatira. Ngati tikufuna kuti akuluakulu a ku Maputo azibweza mamiliyoni awo, ifenso tizibweza masauzande athu, ndipo wandale wobwera nthawi ya kampeni nkumati musabweze timudziwe kuti akutitsekera khomo la mawa.

Amene munasungako ndalama ku BPD, amene munagwirako ntchito ku CAIA, ndi amene munali m'makalabu kutsidya, tilembereni kuno ku tsamba lino kapena tiimbireni pa pologalamu ya alimi. Achinyamata amene adzakongole ku banki yatsopanoyo ayenera kumva kwa inu mmene zinayendera.